Diwa, Wailesi ndi Gitala: Luso Loimika Mtima wa Womvera

Achinyamata amakono akamva akuluakulu akukumbutsana za kale, amadabwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba, zinkatheka bwanji kuti mudzi wonse uunjikane pa kawailesi kamodzi kopanda chithunzi, anthu n'kumachita nthumanzi ndi nkhani ya munthu amene sakumuona? Chachiwiri, magitala aja a Paul Ngozi ndi a gulu la WITCH, olira ngati akung'ambika, anthu ankawakonderanji? Mafunso awiriwa amaoneka otalikirana, koma yankho lake ndi limodzi, ndipo mwana aliyense wokulira kwa Pembamoyo ku Vubwi, kwa Kawaza kapena ku Nyanje analigwirapo ndi manja ake. Yankholo lili pa diwa.

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, minda itayera, anyamata amayamba kuyendera mipita ya mbewa m'mapesi ndi m'mizere momwe munali mtedza. Akapeza mpita wosalala, wa timapazi tatsopano, amafunafuna mwala waphanthiphanthi, wolemera ndithu. Mwalawo amaudzutsa mbali imodzi n'kuutsamiritsa pa kamtengo. Kamtengoko amakagwiriziza ndi luzi, luzilo n'kufika pa kachitsotso kamene kali kunsi kwa mwala, pomwe pali nyambo ya chimanga chokazinga kapena ya mtedza. Wotchera amachotsa dzanja pang'onopang'ono, mpweya ataugwira, poti diwa lotcheredwa bwino silifuna kugwedezedwa ngakhale ndi udzu. Akatero amapita kukagona, koma tulo take timakhala ta mbalame. Kugwa kwa mwala ndi kamphindi chabe, khu, basi zatha. Chimene chimamusowetsa tulo mnyamatayo ndi usiku wonse umene mwala uli lende pa kamtengo.

Luso la nkhani zoimika mtima lagona pamenepo. Mwala ndi tsoka limene likulendewera pamutu pa munthu wa m'nkhani. Kamtengo ndi kanthu kakang'ono kamene kakuletsa tsokalo kugwa: chitseko chokhoma, bodza limene silinaululike, mphindi zochepa zimene zatsala. Nyambo ndi chimene chikumukokera munthuyo kunsi kwa mwala, kaya ndi ndalama, mkazi wa mwini, nsanje kapena chidwi. Ndipo womvera amaona zonse zitatu, pamene mwini nkhani akuona nyambo yokha. Wolemba amene wagwetsa mwala msanga wawononga nkhani, ndipo amene wauchirikiza ndi chipika choti sungagwe watopetsa anthu. Katswiri ndi uja amadziwa kuusiya pa kachitsotso kwa mphindi 30, womvera osaphethira.

Sabata iliyonse mpita wina

Masewero a pa wailesi alipo a mitundu iwiri. Ena anthu ake ndi omwewo sabata ndi sabata. Kuno kumalire a Zambia ndi Malawi, komwe mawu a MBC amadumpha mapiri kuchokera ku Mchinji popanda chiphaso, ambiri anakula akumvera Kapalepale, ndipo pambuyo pake Tikuferanji wa Manganya. M'masewero otere umadziwiratu kuti ngakhale zivute bwanji, mwini sewero adzakhalapo sabata yamawa. Amakhala ngati m'bale amene umamudziwa mayendedwe ake.

Mtundu wachiwiri ndi umene tikukamba pano. Dzina la pulogalamu ndi lomwelo, nthawi ndi yomweyo, nyimbo yotsegulira ndi yomweyo, ngakhale wolandira alendo ndi yemweyo, koma nkhani ndi anthu ake zimasintha sabata iliyonse. Wotchera ndi mmodzi, koma lero watchera kudimba, sabata yamawa kuseri kwa nkhokwe. Mphamvu ya mtundu umenewu ndi yoti palibe amene ali ndi chitsimikizo cha moyo. Munthu amene wayamba kumukonda pa mphindi yachisanu akhoza kufa pa mphindi yomaliza, chifukwa wolemba sakumufunanso sabata yamawa. Womvera amadziwa zimenezi, ndiye mantha ake amakhala enieni.

Ku America mapulogalamu otere anafika pachimake m'zaka za m'ma 1940. Wailesi ya CBS inayamba kuulutsa pulogalamu ya Suspense mu 1942, ndipo inatha mu 1962 itaulutsa masewero opitirira 900. Ina, ya Inner Sanctum, imene inayamba mu 1941, inkatsegulidwa ndi kulira kwa chitseko cha mahinji adzimbiri, kwiii, ndipo anthu ankayamba kuzizidwa munthu asanalankhule n'komwe. Ku Britain, BBC inayambitsa Appointment with Fear mu 1943. Ku South Africa, Springbok Radio inali ndi yake, The Creaking Door.

Sewero limodzi la Suspense likuonetsa bwino katcheredwe kake. Mutu wake ndi Sorry, Wrong Number, analemba ndi Lucille Fletcher, ndipo linamveka koyamba mu 1943, Agnes Moorehead ndiye akusewera. Mayi wina wodwala, wosatha kudzuka pabedi, ali yekha m'nyumba usiku. Akuimbira foni mwamuna wake kuntchito, koma mawaya asokonekera, ndipo akumva amuna awiri akupangana zopha mkazi wina usiku womwewo nthawi ikangopitirira 11 koloko, pamene sitima izidutsa pamlatho kuti phokoso lake libise kukuwa. Mayiyo akuyesa kuimbira a ku ofesi ya mafoni, akuyesa apolisi, koma aliyense akumuyankha mwaulesi poti sakudziwa dzina la woti aphedweyo kapena nyumba yake. Womvera amayamba kulumikiza: nyumba ya mayiyu ili pafupi ndi mlatho wa sitima, wantchito wake wachoka, mwamuna wake sakupezeka. Ife tauona mwala kalekale, iye akuuzindikira mochedwa, mapazi akumveka kale pamasitepe. M'sewero lonseli mulibe mfuti yolira, mulibe kuthamangitsana. Muli mawu a mkazi mmodzi, kulira kwa foni ndi nthawi imene ikutha. Anthu analikonda kwambiri moti linabwerezedwa kangapo, ndipo mu 1948 analipanga filimu.

Mmisiri wathu wa madzulo

Luso limeneli silinatipeze tili chimanjamanja. Agogo athu ankalidziwa wailesi isanabwere. Gogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera "Tili tonse," ndiye kuti pulogalamu yatsegulidwa: wokamba ndi yemweyo, moto ndi womwewo, koma usiku uno ndi mtsikana wokana amuna amene anakwatiwa ndi fisi wovala khungu la munthu, mawa ndi mwana wamasiye ndi ng'oma. Nyimbo ya pakati pa nthano, imene imabwerezedwa katatu kapena kanayi chilombo chikuyandikira, ntchito yake ndi kuchedwetsa mwala kuti usagwe msanga.

Wailesi inayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941, nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Chimene chinaifikitsa m'midzi ndi kawailesi kotchipa ka batire ka Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1949 pa mtengo wa mapaundi 5. Siteshoni ya ku Lusaka inkamveka mpaka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zilankhulo zake. Wailesi yakanema inafika ku Kitwe mu 1961, koma kwa zaka zambiri inali ya m'matauni a m'mbali mwa njanji. Kuno kum'mawa, m'midzi ya Chadiza imene gawo lake linadzakhala boma la Vubwi mu 2012, chimene chinkasonkhanitsa anthu chinali wailesi ya mphunzitsi, ya wa golosale kapena ya wobwera kuchokera kumigodi. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa kuti afike tsiku la pulogalamu.

M'nyengo imeneyo ndi mmene munatulukira a Julius Chongo ndi pulogalamu yawo ya Poceza M'madzulo, imene inkamveka pa wailesi ya dziko la Zambia m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Sabata iliyonse ankabwera ndi nkhani ina, zina zochokera ku nthano za makolo, zina za moyo wamakono wa m'tauni ndi m'mudzi. Chodabwitsa n'choti anthu onse a m'nkhanimo ankawalankhula okha: nkhalamba, namwali, mfumu, tambwali, ngakhale nyama. Sizinali nkhani zoopsa zokhazokha, zambiri zinali zoseketsa ndi zolangiza, koma kamangidwe kake kanali komweko kogwira womvera pakhosi mpaka mapeto.

Azungu a ku CBS ankafuna chipinda chodzaza zipangizo kuti apange phokoso la mapazi, la mvula ndi la chitseko. Chinyanja chili ndi zida zimenezo m'kamwa momwe. Wokamba akati munthu anayenda nyang'anyang'a, anaima chilili, anasuzumira, mdima uli bii, kunja kuli zii, kenaka chitseko gwa, womvera waona zonse ndi makutu. A Chongo anali katswiri wa mawu oterewa, ndipo luso lawo linakopa ngakhale ophunzira. Ernst Wendland, amene ankaphunzitsa pa seminale ya Lutheran ku Lusaka, analemba kafukufuku wake wa digiri ya udokotala pa nkhani za a Chongo mu 1979, ndipo pambuyo pake anasindikiza zina mwa nkhanizo m'buku. Zimenezi zikutiuza kuti zimene makolo athu ankamvera atakhala pamphasa zinali luso la pamwamba, loyenera kuima pamzere umodzi ndi la kwina kulikonse.

Wailesi ili ndi mwayi umodzi umene kanema alibe. Chilombo cha pa kanema ndi cha amene anachijambula, ndipo ukachiona kawiri umachizolowera. Chilombo cha pa wailesi umachiumba wekha ndi dothi la mantha ako. Anthu khumi omvera nkhani imodzi amaona afisi khumi osiyana, aliyense fisi wa kumanda a kwawo.

Kanema atalanda malo

Mapulogalamuwa atasamukira pa wailesi yakanema, akatswiri ake anasunga lamulo lomwe lija loti choopsa chisaonetsedwe msanga. Alfred Hitchcock anayamba pulogalamu yake ya Alfred Hitchcock Presents mu 1955. Iye ankatulukira poyamba kulonjera oonera, n'kudzabweranso kumapeto kudzatsanzika, ngati mwini diwa wobwera kudzaonjola. Rod Serling anayambitsa The Twilight Zone mu 1959, ndipo pofika 1964 inali itaonetsa nkhani 156, zambiri zolemba iye mwini. Serling ankagwiritsa ntchito nkhani za mizimu ndi za zolengedwa za kumiyamba pokamba za tsankho, nkhondo ndi kukayikirana kwa anansi, zinthu zimene eni makampani otsatsa malonda sankafuna kuti zikambidwe poyera. Ku Britain, Tales of the Unexpected inayamba mu 1979 ndi nkhani za Roald Dahl.

Mapulogalamu a pa kanemawa anatchuka ndi mapeto otembenuza. Mu 1958 Hitchcock anaonetsa nkhani ya Dahl ya mkazi amene anapha mwamuna wake, wapolisi, pomumenya ndi mwendo wa nkhosa wouma ndi chisanu cha mufiriji. Atatero anauika mu uvuni. Apolisi anzake a malemuyo anafufuza nyumba yonse kufuna chida chophera, ndipo atatopa mayiyo anawapatsa nyama ija, iwo n'kudya umboni wonse. Apa mwala wagwa ndithu, koma wagwera kumene sunali kuyembekezera. Mapeto otere amakoma pokhapokha ngati wolemba sanakunamize: ukabwerera m'mbuyo upeze kuti luzi linali poonekera nthawi yonse, iwe ndiwe unayang'ana kumbali.

Magitala otchera

Tsono magulu oimba nyimbo za rock akulowa bwanji m'nkhaniyi? Ubale wake ndi wa magazi. Mu 1963 kunatuluka filimu ya Mario Bava ya ku Italy, ya nkhani zitatu zoopsa zosiyana, Boris Karloff ndiye akulandira oonera. Mutu wake m'Chingerezi unali Black Sabbath. Anyamata anayi a ku Birmingham, amene ankaimba ndi dzina loti Earth, anaona kuti anthu amalipira ndalama zawo kuti akaopsezedwe ku kanema, ndipo anaganiza zopanga nyimbo zochita zomwezo. Anatenga dzina la filimuyo. Chimbale chawo choyamba, cha mu 1970, chimayamba ngati sewero la pa wailesi: mvula, bingu, belu la tchalitchi kutali. Kenaka gitala ya Tony Iommi imalira mawu atatu okha, olemera, ochedwa, lachitatulo losakhazikika, lokusiya ukudikira kuti litera pati. Gulu la Rush la ku Canada linaimba nyimbo yotchedwa The Twilight Zone mu 1976, ndipo pulogalamuyo itaukitsidwa mu 1985, nyimbo yake yotsegulira anaimba ndi a Grateful Dead.

Mvetserani bwino nyimbo ya rock yokonzedwa mwaluso. Besi imabwereza kachidutswa kamodzi osasintha, ng'oma ikugunda pansipansi, woimba akukweza mawu pang'onopang'ono. Gitala imagwira liwu limodzi n'kulikoka, kulikoka, mpaka likunjenjemera. Mwala uli lende. Ndiye onse amaleka kamodzi, kachetechete wa kuphethira kumodzi, kenaka ng'oma, besi ndi gitala zimagwera pamodzi, holo yonse n'kudumpha. Wosadziwa amati ndi phokoso chabe. Koma phokoso lopanda kudikira silivinitsa munthu. Oimba ng'oma za Gule Wamkulu ku Mkaika pa Kulamba amadziwa zomwezi: ng'oma ya mbalule imayamba yanyengerera, kuzemba, kuchedwa, ndipo ikadula, fumbi limakwera.

Ku Zambia nyimbo zimenezi zinapeza nthaka yachonde. Dziko litalandira ufulu mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo achinyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka ankagula zimbale za Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi Black Sabbath. Sanangotengera. Anasakaniza ndi kagundidwe ka ng'oma za kwawo, n'kutuluka nyimbo zimene lero dziko lonse likuzitcha Zamrock. Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya anali m'gulu la otsegula njira. Gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel Jagari Chanda, linatulutsa Lazy Bones!! mu 1975, chaka chomwe a Amanaz anatulutsa chimbale cha Africa. Pulezidenti Kenneth Kaunda, amene naye ankaimba gitala, analamula chapakati pa zaka za m'ma 1970 kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse za pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Ku Ndola kunali fakitale ya Teal yodinda zimbale, ndipo Edward Khuzwayo wa Zambia Music Parlour ankajambulitsa magulu ambiri.

Kwa ife olankhula Chinyanja, amene anatifika pamtima ndi Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, ndi gulu lake la Ngozi Family, momwe ng'oma ankaimba Chrissy Zebby Tembo. Chimbale chawo cha Day of Judgement chinatuluka mu 1976, ndipo 45,000 Volts mu 1977. Gitala yake inali yaukali, yokhakhala, ndipo pa siteji ankatha kuiimba ndi mano. Koma mawu ake anali a pakhomo: za m'makomboni, za maukwati, za miseche, za uchidakwa, za ana osamvera. Nyimbo zake zambiri ndi timasewero tathunthu ta mphindi zinayi: munthu, nyambo imene yamukopa, ndi tsoka limene likumudikira. Chimene a Chongo ankachita ndi lilime, Ngozi ankachita ndi mawaya asanu ndi limodzi, ndipo onse awiri ankamveka pa wailesi imodzimodzi, pa mabatire amodzimodzi oyanika padzuwa aja.

Chimene chinazimitsa moto

Mtengo wa mkuwa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndalama zogulira zimbale ndi zida zinayamba kusowa. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inafika mpaka m'dziko muno, ndege za Rhodesia zikuponya mabomba pafupi ndi Lusaka mu 1978, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi. Disiko inabwera, kalindula n'kutenga malo m'zaka za m'ma 1980, makaseti okopera akudya phindu la oimba. Kenaka Edzi inakolola oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa amene anayambitsa gulu la WITCH, anatsala ndi Jagari yekha, ndipo kwa zaka zambiri ankadya za uphunzitsi ndi za kukumba miyala ya mtengo wapatali.

Koma chinthu chopangidwa bwino sichiola msanga. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kudindanso zimbale zakalezo, ndipo mu 2017 inatulutsa zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock. Jagari anabwerera pa siteji ku Ulaya ndi ku America, mu 2019 kunatuluka filimu yofotokoza mbiri ya WITCH, ndipo mu 2023 gululo linatulutsa chimbale chatsopano cha Zango. Sampa the Great analemekeza oimba amenewa m'nyimbo yake ya Never Forget mu 2022. Mu 2024 Tyler, the Creator, mmodzi mwa oimba otchuka a ku America, anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family ya mu 45,000 Volts n'kumangirapo nyimbo yake ya Noid, yokamba za munthu amene akuona ngati aliyense akumulonda. Pofuna liwu la mantha, anabwera kudzalitenga m'Chinyanja.

Pomwe fanizo likulekera

Diwa limapha mbewa, koma nkhani yoimika mtima siipha womvera. Imamulowetsa kunsi kwa mwala, kumununkhiza nyambo, kumumvetsa kugwa kwake, kenaka n'kumutulutsa wamoyo, atachenjera. N'chifukwa chake makolo sankaona nthano zoopsa ngati zowononga ana. Mtsikana amene wanjenjemera ndi nthano ya mkamwini fisi amayamba kufunsa kwawo kwa mlendo wa mawu okoma. Mnyamata amene wavina nyimbo ya Ngozi ya munthu wogwa ndi mowa wamva ulaliki umene sakanaumvera pa guwa. Mantha a m'nkhani ndi katemera wa mantha a m'moyo.

Lero mafoni afika mpaka m'midzi ya kumalire, ndipo timakanema ta pa TikTok ndi Facebook timagwetsa mwala pa sekondi yachitatu kuopa kuti chala chingapitirire. Achinyamata athu opanga mafilimu ndi nyimbo ali ndi zida zimene a Chongo sanazilotepo, koma ambiri sanaphunzire kudikiritsa munthu. Mfiti imaonekera filimu ikungoyamba, magazi ali ponseponse, ndipo pofika pakati woonera wayamba kuyasamula. Luso la kuchedwetsa silifuna ndalama. Lifuna khutu, kuleza mtima ndi kudziwa chilankhulo chako mpaka kumizu.

Pempho langa likupita kwa oyendetsa mawailesi a kuno kum'mawa, a Breeze FM ndi Radio Maria ku Chipata, a Mphangwe ku Katete ndi ena onse: patulani theka la ola pa sabata, madzulo anthu atadya, la nkhani imodzi yathunthu ya m'Chinyanja, yolembedwa ndi ana a konkuno, ndipo muziimbako Ngozi Family ndi Amanaz kuti adzukulu adziwe kuti nyimbo zimene anthu a ku America akuzifuna ndi za agogo awo. Amene akusunga matepi a Poceza M'madzulo awasamutsire pa kompyuta asanadyedwe ndi chinyezi. Ndipo inu owerenga amene muli ndi gogo wodziwa nthano, musadikire maliro kuti mudzanene kuti ankakamba bwino. Tengani foni yanuyo madzulo ano, mukhale naye pansi, mumujambule.